Mbale za nzimbe pa maliro a amayi anu

Ana anga, poti tsopano ndapuma pantchito ndipo mawondo sandilolanso kuthamangira makombi, maminibasi aja a ku Chegutu, ndati ndikhale pansi ndilembe za ntchito zimene manja angawa agwira. Za ubwana wanga m'komboni ya pamgodi ndidumpha, mudazimva kale mpaka kutopa nazo. Chimene ndikufuna musunge ndi nkhani ya mbale. Amayi anu, Nabanda, adandilonjezetsa kuti pa maliro awo anthu asadzadyere m'mbale zotaya zimene ndinkapanga kuntchito. Ine ndidalonjeza, koma tsikulo litafika anthu adadyera m'mbale zomwezo, ndipo iwe Esinati mpaka lero ukandiimbira foni umangofunsa ngati ndamwa mapiritsi n'kudula. Zimandiwawa, sindibisa. Kuti mumve bwino mmene zidayendera, ndiyambire kutali.

1978 mpaka 1990: Chegutu, kufakitale ya nsalu

Ntchito yanga yoyamba ndidaipeza kufakitale ya nsalu ku Chegutu, nthawi imeneyo tauniyo ikutchedwabe Hatile. Adandiika m'chipinda chonyikira nsalu mu utoto, mmene munkatentha moti thukuta linkatuluka ndi m'zikope momwe. Bwana wathu anali mzungu wamfupi amene tidamutcha Checha, chifukwa pa Chilapalapa chonse, chiyankhulo chija cha pamgodi, iye ankadziwa liwu limodzi lokhalo lotifulumizitsira. Sanali munthu woipa, kungoti akaona munthu waima, mutu unkamupweteka. Amene adandiphunzitsa ntchito anali kapitawo wathu aZuze, mkulu wochokera cha ku Tete. Iwo ankandigwira dzanja n'kuliviika m'madzi ozizira a m'thanki, n'kundiuza nditikite zala ndimve ngati aterera kapena ayi. Ankati ndikadzazolowera, zala zidzayamba kudziwa zinthu mutu usanadziwe. Anzanga achishona ankanditcha Achimwene, monga ankatchulira aliyense wa makolo a ku Malawi, moti dzina langa la Lameki linkatsala pageti m'mawa n'kudzalitola madzulo. Sindinkakwiya nazo, pakuti nawonso ndinali nawo maina anga owatchula.

Amayi anu ndidakumana nawo pa maliro a mkulu wina wa kwathu. Titadya, ndidanyamula mbale yanga kupita nayo kuseri kwa nyumba kumene amayi ankatsuka, osadziwa kuti mwamuna saponda kumeneko. Manja anga anali abuluu mpaka m'zigongono chifukwa cha utoto. Mtsikana wina wakuda bwino, wa mpata kumano, adandiyang'ana manja, nayang'ana mbale, nati, "Ikani pansi achimwene, mungatidetsere mbale za sosaiti." Amayi onse adafa nazo nseko. Ine ndidachoka ndi manyazi, koma sabata yotsatira ndidayamba kufunsa kuti mtsikana wa pakamwa potero ndi mwana wa yani.

Pano ndifotokoze za kutsuka kuja, chifukwa inu anyamata simudakuonepo, ndipo iwe Esinati udakuona uli ndi maso a mwana. Ife a kuno tilibe mudzi wokaikako maliro, ndiye sosaiti ya maliro ndiyo inali mudzi wathu. Mayi aliyense wa m'sosaiti anali ndi mbale zake zachitsulo, zoyera za mkombero wabuluu, ndipo kunsi kwake ankadonthezako penti ya mtundu wakewake. Za amayi anu zinali za dontho lobiriwira. Maliro akaikidwa, anthu n'kudya, amuna tinkasanja mabenchi n'kumabalalika, koma amayi ankatuta mbale zonse kupita nazo kuseri, n'kukhala mozungulira mabeseni ndi phulusa ndi mchenga. Kenako ankalowa m'nyumba kukatenga wamasiye, kumukhazika pakati pawo n'kumupatsa kansalu kopukutira, kuti manja ake akhale ndi chochita. Ntchito yoti ithe msanga ankaichedwetsa dala mpaka dzuwa kupendeka. Pamenepo ndi pamene pankamveka Chichewa chenicheni, cha ku Dedza, cha ku Ntcheu, cha ku Angonia, chopanda manyazi. Ndipo potenga mbale zake, mayi aliyense ankasiyako dala imodzi, kuti mkuja adzapeze chifukwa chobwerera pakhomopo kudzaona wofedwayo. Mbale zinkatha mwezi zikutengedwa imodziimodzi.

1990 mpaka 2008: Kadoma, kufakitale ya mapepala

Utoto utayamba kundipweteka pachifuwa, ndidasamukira kufakitale ya mapepala kuno ku Kadoma, ndipo ndi pomwe tidapeza nyumba yathu ya ku Ingezi. Ntchito yanga inali pa chithanki chosakanizira, mmene tinkaponyamo mapepala akale ndi makatoni, makina n'kumazitakasa ndi madzi mpaka zisanduke phala. Zala za aZuze zidandithandiza, chifukwa phala la mapepala nalonso limafuna kulikhudza. Likalimba makina amatsamwa, likasungunuka pepala limatuluka lobowoka. Patapita zaka adandikweza kukhala kapitawo wa gawolo, ndipo amayi anu adandisokera malaya oyera oti ndizivala pa misonkhano, ngakhale misonkhano yake inkachitikira pafupi ndi thanki yomweyo.

Bwana amene ndidakhala naye nthawi yaitali tidamutcha Mangwana, liwu lomwe m'Chishona limatanthauza mawa. Lamba wa makina akaduka, ankati watsopano afika mangwana. Soda akatha, mangwana. Ndinkamukonda munthu ameneyo, chifukwa ankanama pofuna kuti tisataye mtima, ndipo mwana wa wantchito akadwala ankapereka galimoto lake osafunsa zambiri. Koma zaka zija zinthu zitathina m'dziko muno, mawa lake lija lidaleka kufika. Magetsi ankazima phala lili m'thanki, n'kuyamba kununkha. Malamba tinkasoka ndi waya. Mari ya malipiro yomwe tinkalandira inkatha mphamvu tisanafike nayo kusitolo. Tsiku lina Mangwana adatisonkhanitsa, natiuza tikadikire kunyumba, ndipo ulendo uno sadanene kuti mpaka liti. Misozi inali m'maso mwake.

2008 mpaka 2018: kuseri kwa nyumba ku Ingezi

Anzanga ambiri adapita ku Muzvezve kukasefa golide. Nane ndidayesa, koma ndidabwerako ndi chifuwa ndi matope basi, ndipo amayi anu adati golide yekhayo amene ndidapeza anali wa m'mano mwa wogula. Amene adatidyetsa zaka zimenezo ndi iwowo, ndi kadimba kawo ka kuseri ndi mandasi a pamsika. Ine ndidakumbukira phala langa. Ndidapeza chikombole chakale, n'kuyamba kuumba mathireyi a mazira ndi makatoni otola kumasitolo, n'kumawayanika padzuwa. Mukukumbukira mmene ankadzazira bwalo mpaka inu kusowa posewerera mpira. Mvula ikangoti waa, tonse tinkathamanga kukawaola, amayi anu akukalipa kuti adakwatiwa ndi mwamuna wa katundu woopa madzi. Chaka cha kolera yoyamba ija amayi a sosaiti adatsuka mbale zambiri kuposa kale lonse, ndipo ena mwa otsukawo tidawaika. Nthawi imeneyo ambiri sitinkamvetsa bwino kuti matendawa amayendanso m'madzi a m'beseni.

2018 mpaka 2024: Chegutu kachiwiri, mbale za nzimbe

Boma litaletsa makayilaiti, timabokosi toyera tija togulitsiramo chakudya, kudabwera pakhomo mtsikana wina dzina lake Rumbidzai. Adaphunzira za makina, ndipo adali atachita lendi shedi yakale ku Chegutu n'kuitanitsa makina oumbira mbale kuchokera kunja. Wina adamuuza kuti ku Ingezi kuli mdala wodziwa phala. Adakhala pa mpando wathu wothyoka uja mwaulemu, akunditchula kuti Sekuru, ndiye kuti agogo m'Chishona, n'kutulutsa m'chikwama mbale yopepuka yotuwirako. Adati imapangidwa ndi zotsalira za nzimbe akazifinya madzi kumafakitale a shuga, zimene amazitcha bagasi, ndipo munthu akadyeramo n'kuikwirira, imaola n'kusanduka manyowa. Amayi anu adailandira, naitembenuza, naigogoda ndi chala, n'kufunsa kuti aitsuka bwanji. Atamva kuti siitsukidwa, adaibweza mwakachetechete n'kupita kukatereka tiyi. Ine ndidavomera ntchitoyo tiyi asanapse, chifukwa manja anali atandiyabwa kalekale.

Bagasi ankabwera pa lole kuchokera kuchigwa cha ku Chiredzi, atamangidwa m'mitolo ikuluikulu. Tinkamuviika, kumuphika ndi soda kuti afewe, kumutsuka, n'kumusinja mpaka asanduke phala. Zikombole za sefa zinkamira m'phalalo n'kutuluka zitavala ulusi wake, kenako chitsulo chamoto chinkatsika n'kufinya, nthunzi n'kuti foo, mbale n'kutuluka youma. Atsikana ankadula m'mphepete n'kulongedza. Bagasi wonyowa akagonera amanunkha ngati masese, moti sabata yoyamba amayi anu ankandinunkhiza malaya pakhomo, n'kundifunsa ngati ine mkulu wa mpingo ndayamba kudzera kumowa. Mavuto sadachepe. Magetsi ankabwera mwa kufuna kwawo. Lole inkafa panjira ife n'kumasesa shedi yosesedwa kale. Chaka china chiswe chidalowa mosungira katundu n'kudya mbale za oda yonse, ndipo Rumbidzai atalira kaye, adapukuta maso n'kunena kuti chiswecho chatichitira umboni kuti katundu wathu amadyekadi. Mwa mabwana onse amene ndagwira nawo ntchito, uyu yekha ndiye ankandifunsa maganizo n'kudikira yankho.

Mbale zathu zoyamba zinali zochititsa manyazi, ndipo woziyesa wamkulu anali amayi anu. Ndinkabwera nazo kunyumba, iwo n'kuikamo sadza yamoto, nsima ya kuno, ndi msuzi wa matemba, n'kukhala pansi manja ali pachibwano kudikira. Posakhalitsa msuzi unkatulukira kunsi, ndipo mbamu ya sadza inkanyamuka ndi ulusi ngati yamera ndevu. Iwo ankangoti, "Kauzeni bwana wanu kuti mbale yake ikuopa ndiwo." Anthu ena adamulangiza Rumbidzai kuti azimata kapulasitiki kopyapyala m'kati, koma adakana, nati ikatero siidzaolanso ndipo tidzakhala tikunamiza anthu. Ndiye tidalimbana nazo miyezi, kusinja phala lisalale kwambiri, kusintha moto wa chitsulo, kuthira mankhwala oletsa madzi kulowa amene iye adaitanitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina msuzi udakhala m'mbale mpaka kuzizira, sadza n'kunyamuka yoyera. Ndidadikira kuti amayi anu andiyamikire, koma adangoti msuzi yasunga, komabe ndi mbale ya anthu othawa.

Mbale zitayamba kuyenda malonda m'malesitilanti ndi pa maukwati, Rumbidzai adandipempha kuti ndikazionetse kusosaiti yathu, poti maliro amasonkhanitsa anthu ambiri ndipo madzi m'mipopi ankasowa. Ndidaitula nkhaniyo kunyumba madzulo ena amayi anu akusadzula nkhwani pakhonde. Sadakweze mawu. Adaika lichero pansi n'kundiyang'ana.

"Bambo a Esinati, mbale yotaya ndi mbale yothamangitsa anthu. Munthu akadya n'kuponya, atsalirenji pakhomo? Wamasiye atsala ndi yani? Gulitsani kumaukwati, kumeneko anthu amapita okondwa kale. Koma ine ndikadzafa, zanuzo zisadzaponde pakhomo panga. Lonjezani."

Ndidaseka, n'kunena kuti woyamba kufa ndine, wa chifuwa cha utoto.

"Lonjezani kaye. Za woyamba tikambirana pambuyo pake."

Ndidalonjeza, iwe Esinati uli pomwepo, utabwera kutchuthi kuchokera ku Joni. M'mawa mwake ndidakamuuza Rumbidzai kuti kusosaiti sindipita, ndipo iye sadaumirire. Adati amayi akamayankhula choncho, munthu amangomvera.

2024: mwezi wa mvula

Amayi anu adagwa m'dimba lawo m'mawa wina akupalira, ndipo kuchipatala adati ndi sitiroko. Sadayankhulenso. Adatisiya sabata isanathe, ndipo ine ndidakhala ngati wandichotsa mbali imodzi ya thupi. Inali nthawi imene kolera idabwereranso kuno ku Kadoma. Mipopi ya ku Ingezi inali youma, pamjigo mzere unkafika kumsewu, ndipo ambiri ankatunga m'zitsime zokumba pamanja zimene mvula idasefukiramo zonyansa. Kunyumba yachitatu kuchokera kwathu anali ataika mwana wa sukulu masiku apitawo, mwana amene ankabwera kudzagula mandasi kwa amayi anu.

Tsiku loti mawa tiika, kudabwera mayi wa zaumoyo, munthu waulemu amene adayamba wagwada n'kupepesa maliro. Adatiuza kuti nthawi ino chakudya pa maliro sachilola. Nditamufotokozera kuti kukubwera abale ochokera ku Sanyati ndi ku Muzvezve, ena pa basi ena pa njinga, okalamba ndi ana omwe, adaganiza kaye. Kenako adati ngati n'kosatheka kuwabweza ndi njala, chakudya chikhale chamoto, aliyense asambe m'manja ndi madzi a mankhwala othiridwa kuchokera m'ndowa ya kampopi, ndipo pasakhale mbale zotsukira m'beseni limodzi n'kudyeramo wina. Adasiya mankhwala a m'madzi ndi bokosi la magolovesi n'kupita.

Atangotuluka pageti, Mai Jere adandikokera pambali. Inu mumawadziwa, mnzawo wa amayi anu wa pamtima, amene adatsuka nawo limodzi kuyambira ali atsikana, ndipo tsopano ndiwo ankatsogolera amayi a sosaiti. Adandiuza kuti mbale zachitsulo zafika kale, zili m'mabokosi kukhitchini, ndipo adzatsukira kuseri mwakachetechete monga achitira ena, wa zaumoyoyo sadzadziwa. Ndidawafunsa kuti madzi ake achokera kuti. Adati kuchitsime cha kumunsi, ndipo Mulungu adzatisunga. Adandikumbutsanso lonjezo langa, ngati kuti ndikadaliiwala.

Ndidapita kukakhala ndekha m'dimba, pamalo pomwe adagwera, khasu lawo likadali pomwepo. Njira zinali zitatu ndipo zonse zinali zowawa. Kubweza anthu ndi njala pa maliro a mayi amene sadalolepo mlendo kuchoka pakhomo osadya, sindikadatha. Kulola mbale zachitsulo, ndiye kuti mbale imodzi idyeredwa ndi anthu angapo, ikuviikidwa m'madzi a chitsime chija pakati pake, ndipo manja a amayi okalambawo akhala m'beseni tsiku lonse. Ndidakumbukira amene tidawaika chaka cha kolera yoyamba. Ndidadzifunsa kuti sabata yamawa tikamakaika Mai Jere kapena mdzukulu wa wina wa ku Sanyati, ndidzati chiyani, kuti ndinkasunga lonjezo? Ndidatulutsa foni n'kumuimbira Rumbidzai. Sadafunse kanthu, adangoti, "Ndiri kuuya, Sekuru," kutanthauza kuti akubwera, ndipo dzuwa lisanapendeke kagalimoto kake kadaima pageti katadzaza makatoni.

Iwe Esinati udafika kuchokera ku Joni makatoniwo akutsitsidwa. Udawayang'ana, n'kundiyang'ana ine, n'kundifunsa m'Chishona chako pamaso pa anthu, "Baba, maitirei izvi? Mhamha vakati chii?" Umati ndachitiranji zimenezi, nanga amayi ako adati chiyani. Ndidayesa kukufotokozera za madzi, koma udati ndasandutsa maliro a amayi ako malo otsatsira malonda a kuntchito. Mawu amenewo adandilasa, mwana wanga, ndipo akadali momwemo. Mai Jere adangouza amayi anzawo kuti atseke mabokosi a mbale zachitsulo, ndipo kuyambira pamenepo akafuna kundiuza chinthu ankatuma munthu.

M'mawa mwake tidaika amayi anu. Anthu adabwerera kunyumba, adasamba m'manja pa ndowa, adalandira sadza ndi nyemba ndi kabichi m'mbale za nzimbe, ndipo palibe imene idadontha. Iwe sudadye. Udatenga chikwama n'kupita kwa apongozi ako ku Chegutu, ndipo kuchokera kumeneko udakwera basi ya ku Joni, choncho zimene zidatsatira sudazione. Anthu atadya adayamba kuponya mbale m'matumba n'kumatsanzika. Mabenchi adasanjidwa, bwalo lidayamba kuyera dzuwa likadali pamutu. Ndidakhala pakhonde n'kuona ndi maso anga chimene amayi anu ankanena chija chikuchitika. Amayi a sosaiti adaima pafupi ndi khitchini atamanga kale nsalu zawo, manja ali lende, osadziwa chochita. Ndidachita mantha ndi nyumba imene ndimati ndilowemo ndekha.

Ndipamene Mai Jere adabwera, ulendo uno okha osatuma munthu. Adaima patsogolo panga atanyamula mbale imodzi yodyeramo kale, ataigwira m'mphepete ngati chinthu chonunkha.

"Bambo a Esinati, zinthu zanuzi mumati zimaola. N'zoona, kapena ndi bodza la malonda?"

Ndidati n'zoona, ndipo zimaola msanga munthu akazing'amba tizidutswa n'kuzikwirira ndi dothi lonyowa.

"Tizidutswa tating'ono bwanji?"

Ndidawaonetsa ndi zala, kukula ngati chikhatho cha mwana. Adayang'ana matumba aja atadzaza, nayang'ana anzawo, ndipo ndidaona nkhope yawo ikumasuka pang'ono.

"Ndiye ntchito ilipo yambiri," adatero. "Uzani amuna atsalawo akumbe dzenje m'dimba la Nabanda. Inunso musakhale pamenepo ngati mlendo."

Amuna adakumba dzenje pakona ya dimba. Amayi adamasula nsalu zawo, adavala magolovesi a wa zaumoyo aja akuseka zala zawo zopindika, adakhuthula matumba kuseri kwa nyumba pamalo pomwe mabeseni akadakhala, n'kukhala mozungulira. Adayamba kung'amba. Poti mwana wamkazi panalibe, wamasiye wokhazika pakati ndidali ine. Kwa nthawi yoyamba chiyambire tsiku la manja abuluu lija, ndidaponda kuseri kwa amayi, ndipo adandipatsa magolovesi ndi mulu wanga. Ndikang'amba zikuluzikulu pofuna kufulumira, Mai Jere ankandibwezera kuti ndibwereze. Nkhani zidayamba. Adasimba za Nabanda ali mtsikana, mmene adakanira mwana wa sitolo n'kusankha mnyamata wa utoto, mmene ankandinenera kwa iwo ndikamukwiyitsa, ndi mmene ankanyadira mobisa kuti mwamuna wake wapanga mbale yosunga msuzi. Chimenechi amayi anu adali asadandiuzepo. Ndidalira pamaso pa amayi onsewo, iwo osandiletsa, manja akungong'amba. Atsikana a kuntchito amene adabwera ndi Rumbidzai adakhala nawo, akumva Chichewa n'kumayankha m'Chishona, ndipo palibe adawadzudzula. Tidamaliza dzuwa litapendeka. Tidathira zidutswazo m'dzenje, kuwaza phulusa, kukwirira, n'kusamba m'manja ndi madzi a mankhwala. Pa onse amene adadya pa maliro aja, sitidamve kuti wina wadwala.

Lero

Patapita masiku ochepa Mai Jere adagogoda pageti, nati abwera kudzaona ngati mbale zawo zaola. Ndidati sizingaole msanga chotero, iwo adati adzabweranso. Mkuja mwake kudabwera wina, kenako wina, aliyense ndi funso lomwelo, ndipo aliyense ankakhala pakhonde kumwa tiyi. Mvula isanathe amayiwo adafukula pakona paja ndi khasu la amayi anu, napeza dothi lakuda lofewa ndi nyongolotsi, mbale osaonekanso. Mai Jere adadzalapo nthanga za maungu zimene amayi anu adasunga m'botolo. Zidayanga mpaka kukwera mpanda wa aneba, ndipo chaka chino ndadzalanso. Lachinayi lililonse Mai Jere akaweruka kumapemphero a amayi amadzera kuno kudzathyola nkhwani, n'kundikalipira kuti sindithirira bwino.

Ntchito ndidaisiya chaka chomwecho, phala ndidasiyira mtsikana wina amene zala zake zidayamba kale kudziwa. Rumbidzai amabwerabe kudzandiona. Sosaiti idagwirizana kuti madzi akakhalapo azitsuka zachitsulo monga kale, akasowa azing'amba za nzimbe, ndipo amayi ena akuti kung'amba kumachedwa bwino kuposa kutsuka.

Esinati, lonjezo ndidaliphwanya, ndipo zitabwereranso ndikhoza kuliphwanyanso, chifukwa amayi onse aja ali moyo ndipo akundivutitsa mpaka lero. Amayi ako ankaopa kuti pakhomo padzazizira, ndipo sipadazizire. Wosowa ndi iwe wekha. Mai Jere afutsa nkhwani wa pa dzenje lija n'kukusungira m'chitini, ndipo Lachinayi lapitali atandipeza ndikulemba izi adandifunsa ngati ndikulembera iwe. Nditavomera, adati ndiwonjezere mawu awo, ndipo ndikuwalemba monga adanenera.

"Muuzeni kuti mbale za amayi ake za dontho lobiriwira zikadali m'bokosi kukhitchini, zachita fumbi. Ife sitizikhudza. Abwere adzatsuke yekha, tidzamupukutira."